Mano a Khoswe ndi Mbiri ya Cortisone

Khoswe ali ndi mano 16 okha: anayi akutsogolo, ndi 12 otafunira amene amakhala kumapeto kwa nsagwada. Sagulula mano aubwana. Otafunirawo akamera amera, ndipo amatha kubooka ndi kuwola monga amachitira a munthu. Koma anayi akutsogolo aja sasiya kukula mpaka tsiku limene khosweyo adzafe. Akumwamba amatalika mamilimita 2 pa sabata, akumunsi pafupifupi mamilimita 3, ndipo chimene chimawaletsa kutulukira kunja kwa kamwa ndi kukukuta kosalekeza kuja kumene timakuonera pa matumba a chimanga ndi pa zitseko. Pakatha masiku 40 kapena 50, dzino limene linali m'kamwamo limakhala litaperesekeratu, latsopano litakwera kuchokera pansi.

Khalidwe limeneli, limene limatisowetsa mtendere m'nyumba, ndi limene linachititsa akatswiri a mano kumukonda khoswe. Dzino la munthu limapangika kamodzi ali mwana, ndipo nthawiyo ikadutsa mwayi woona mmene likupangikira watha. La khoswe limapangika tsiku ndi tsiku. Chilichonse chimene chasokoneza thupi lake lero, kaya njala, matenda kapena mankhwala, chimasiya mzere m'dzinomo. Wofufuza akalidula n'kuliika pa maikulosikopu amatha kuloza kuti apa ndi pamene nyamayi inabayidwa jakisoni.

Mmodzi mwa oyamba kupindula ndi zimenezi anali Jakob Erdheim wa ku Vienna. Mu 1906 iye anawononga timaparathyroid ta makoswe, tiziwalo tating'ono kwambiri ta pakhosi, ndipo anaona mano awo akutsogolo akufooka ndi kuthyoka chifukwa dentini, mnofu wolimba wa pansi pa chikuto choyera cha dzino, sankalimbanso bwino. Amene anaikuza njira imeneyi ndi Isaac Schour wa pa yunivesite ya Illinois ku Chicago. Mu 1932 iye ndi H. B. van Dyke anachotsa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, n'kupeza kuti mano akutsogolo ayamba kukula mozengereza. Mu 1936 iye ndi J. M. Rogoff anachotsa maadrenal onse awiri, tiziwalo timene timakhala pamwamba pa impso, ndipo kalimbidwe ka dentini kanasokonekera. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti dzino limamvera mahomoni a thupi, ndipo ena mwa mahomoniwo amachokera pamwamba pa impso.

Zoti tiziwalo timeneti n'tofunika zinali zitadziwika kale. Thomas Addison wa ku London anafotokoza mu 1855 za odwala amene ankafooka, khungu n'kumada, mpaka kufa, maadrenal awo atawonongeka. Chaka chotsatira Charles-Édouard Brown-Séquard anaonetsa kuti nyama yochotsedwa tiziwaloti siikhalitsa. Chimene chinatenga zaka pafupifupi 80 ndi kupeza chenicheni chimene timatulutsa. M'zaka za m'ma 1930 Edward Kendall wa ku Mayo Clinic ku America ndi Tadeus Reichstein wa ku Switzerland, aliyense payekha, anasefa milu ya maadrenal a ng'ombe n'kupezamo mahomoni angapo a m'gulu la masiteroidi. Lewis Sarett wa kampani ya Merck anapeza njira yopangira imodzi mwa iwo kuchokera ku ndulu ya ng'ombe. Pa 21 September 1948 dokotala Philip Hench anaiyesa pa mayi wa zaka 29 amene nyamakazi inamugoneka pabedi, ndipo pasanathe sabata mayiyo anadzuka n'kuyenda. Mankhwalawo ndi cortisone. Mu 1950 Hench, Kendall ndi Reichstein analandira mphoto ya Nobel. Prednisolone anafika mu 1955, dexamethasone chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo mpaka lero awiriwa sasowa m'zipatala zathu.

Chimwemwe chinali chachikulu, koma madokotala sanachedwe kuona kuti mankhwala odabwitsawa ali ndi mtengo wake: nkhope kufufuma, shuga kukwera, mafupa kufooka, zilonda kuchedwa kupola. Pafupifupi labotale iliyonse imene inali ndi makoswe inafuna kudziwa chimene cortisone angachite pa chiwalo chimene eni labotaleyo ankachidziwa bwino. A mano nawo sanatsalire.

Chimene anapeza poyamba chinali chosayembekezeka. Mwana wa khoswe amabadwa wopanda ubweya, wotseka maso ndiponso wopanda mano. Akutsogolo amaboola nkhama pakati pa tsiku la 8 ndi la 10, maso n'kutseguka pakatha masabata awiri. Mu 1951 Parmer, Katonah ndi Angrist anabaya cortisone ana a makoswe ongobadwa kumene. Anawo anapinimbira, thupi osakula monga la anzawo, koma maso anatseguka msanga ndipo mano anatuluka nthawi isanakwane. Mlimi amene waonapo chimanga chosowa chakudya chikumasula chisanafike n'komwe m'chiuno angamvetse chimene chinachitika: kukhwima kunafulumira pamene kukula kunaima. Ameneyu ndiye cortisone, ndipo wosamvetsa khalidwe lake la pawirili amasokonezeka ndi nkhani yonse yotsatira.

Lincoln Domm wa pa yunivesite ya Loyola ku Chicago anailondola nkhaniyi kwa zaka zambiri kuyambira mu 1954. Njira yake inali yosavuta: kucheka kachizindikiro pa dzino pafupi ndi nkhama, kudikira masiku angapo, kenako kuyeza pamene kachizindikiroko kafika. Khoswe wochotsedwa maadrenal mano ake ankakwera mochedwa. Akamubaya cortisone liwiro linkabwerera, ndipo pa khoswe wabwinobwino linkaposa la masiku onse. Ofufuza ena anabwereza zimenezi ndi hydrocortisone n'kupeza zofanana. N'zochepa zimene zinagwirizana chonchi m'mbiri yonseyi.

Koma dzino kutuluka msanga si umboni woti lili bwino. Mu 1953 Irving Glickman wa pa yunivesite ya Tufts ku Boston, ndi anzake Stone ndi Chawla, anapatsa mbewa zoyera cortisone n'kuyang'ana maziko a mano ake. Fupa la nsagwada limene limakumbatira mizu linali litapyapyala ndi kuchita mabowo, ndipo timinyewa timene timamangirira dzino ku fupalo tinali titachepa ndi kufooka. Chifukwa chake chikudziwika bwino lero. Masiteroidi a mtundu uwu amafooketsa maselo omanga fupa, amachepetsa kapangidwe ka kolajeni, amene ndi ulusi wa fupa ndi wa dentini, amachepetsa kashiamu amene matumbo amayamwa, n'kuchulukitsa amene amatayika mu mkodzo. Dzino limakwera mofulumira pa maziko amene akugumuka.

Panali chinanso chobisika m'kati mwa dzino lenilenilo, chimene chinaonekera mochedwa ndiponso mobwerera, kuyambira kwa anthu kupita kwa makoswe. Mu 1985 Karin Näsström ndi anzake ku Malmö, dziko la Sweden, anaona pa zithunzi za ekisire kuti odwala impso amene analandira masiteroidi ambiri, makamaka amene anaikidwa impso ya munthu wina, chipinda cha m'kati mwa mano awo, mmene mumakhala mitsempha ndi magazi, chinali chitachepa. Funso linali lakuti kodi wachita zimenezi ndi matenda a impsowo kapena mankhwala. Pa munthu n'zovuta kulekanitsa, popeza wodwalayo ali ndi zonse ziwiri. Näsström anatenga makoswe a impso zabwinobwino n'kuwapatsa masiteroidi, ndipo kapangidwe ka dentini kanasinthadi, wosakhwima bwino n'kumaunjikana chakum'kati. Apa m'pamene khoswe amagwira ntchito yake yeniyeni, yoyankha funso limodzi lolunjika limene pa munthu silingayankhike.

Nkhani imene inagwedeza anthu kwambiri inachokera ku Montreal, dziko la Canada, ndipo inakhudza denga la m'kamwa. Mu 1950 dokotala wa maopaleshoni Hamilton Baxter ndi katswiri wa za chibadwa F. Clarke Fraser, a pa yunivesite ya McGill, anabaya cortisone mbewa zapakati, ana ake n'kubadwa ndi mng'alu kumwamba kwa m'kamwa. Fraser ndi Theodore Fainstat anatsimikizira zimenezi mu 1951. Mbewa imakhala ndi bere masiku pafupifupi 20. Denga la m'kamwa mwa mwana limayamba ngati timapiko tiwiri tolendewera m'mbali mwa lilime, timene cha pa tsiku la 14 timadzuka, n'kukumana pakati, n'kulumikizana. Bruce Walker ndi Fraser anaonetsa mu 1957 kuti cortisone amachedwetsa kudzukako. Mutu umapitiriza kukula, ndipo timapiko tija tikamadzadzuka mpata umakhala utakula moti sitingakumanenso.

Pano m'pofunika kudekha, chifukwa phunziro lalikulu la mbiri yonseyi lili apa. Mankhwala omwewo, muyezo womwewo, masiku omwewo, sanachite zofanana pa mbewa zonse. Pa mtundu wotchedwa A/Jax pafupifupi ana onse anabadwa ndi mng'alu. Pa mtundu wa C57BL anali pafupifupi mwana mmodzi pa asanu alionse. Harold Kalter atakweranitsa mitundu iwiriyi mu 1954 anapeza kuti zimadaliranso kuti mayi ndi wa mtundu uti. Akalulu anagwidwa nalo vutoli, koma makoswe, amene ndi abale enieni a mbewa, cortisone sanawang'ambe m'kamwa, ngakhale kuti masiteroidi amphamvu kwambiri monga dexamethasone anatero. Ngati mbewa ikulephera kulosera za mbewa inzake, ndipo ikulephera kulosera za khoswe, tingaitenge bwanji kukhala mneneri wa zimene zidzachitikire mwana wa munthu?

Muyezo nawonso tiuone. Mbewa za ku Montreal zinkalandira mamiligalamu 2.5 patsiku kwa masiku anayi, kuyambira tsiku la 11 la bere. Mbewa imalemera magalamu pafupifupi 25. Kuwerengera molingana ndi thupi, mayi wa makilogalamu 60 akanayenera kulandira mamiligalamu 6,000 patsiku, muyezo umene palibe dokotala angaupereke. Komanso nsengwa ya munthu ili ndi mphamvu yofooketsa gawo lalikulu la prednisolone asanafike kwa mwana. Mantha a mng'alu anakhalabe m'mabuku a madokotala kwa zaka zoposa 50, ndipo sanali opanda maziko, popeza kafukufuku wina wa anthu, amene anaphatikizidwa pamodzi mu 2000, anasonyeza kuti chiopsezo chimakwerako. Koma mu 2011 akatswiri a ku Denmark anaunika ana oposa 800,000 ndipo sanapeze kukwera kulikonse. Maganizo anga ndi akuti mbewa zija zinachita bwino kutichenjeza, ndipo anthu ndi amene anachedwa kufunsa kuti chenjezolo lafika pati.

Mphamvu yofulumizitsa kukhwima ija, imene inatulutsa mano a ana a makoswe nthawi isanakwane, inadzapulumutsa miyoyo kumbali ina. Graham Liggins wa ku Auckland, dziko la New Zealand, anaona mu 1969 kuti ana a nkhosa obadwa masiku asanakwane ankatha kupuma ngati analandira masiteroidi ali m'mimba. Mu 1972 iye ndi Ross Howie anaonetsa kuti zimathandizanso ana a anthu. Jakisoni wa dexamethasone amene azamba athu amabaya mayi amene matenda amuyamba masiku asanakwane anachokera kumeneko, ndipo m'dziko ngati Malawi, limene lipoti la 2012 linaliika pamwamba pa mayiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa osakwana masiku, 18 pa 100 alionse, jakisoni ameneyu si nkhani yaing'ono.

Nanga kuwola kwa mano? Apa mbiri inayenda njira yokhotakhota, chifukwa pamene cortisone ankafika akatswiri anali asanagwirizane n'komwe kuti dzino limawola chifukwa chiyani. Willoughby Miller, dokotala wa ku America amene ankagwira ntchito ku Berlin, ananena mu 1890 kuti mabakiteriya a m'kamwa amasandutsa zotsalira za chakudya kukhala asidi amene amasungunula dzino. Ena ankati vuto limayambira m'kati mwa thupi, m'magazi ndi m'mahomoni. Kuti mkanganowu uthe panafunika nyama imene mano ake angawole m'labotale nthawi imene wofufuza wafuna. Cha mu 1931 Hoppert, Webber ndi Canniff a ku Michigan anapeza kuti makoswe odya chimanga chogaya mokhakhala mano awo otafunira amabooka, pamene odya ufa wosalala sabooka kwenikweni, chifukwa misere inkatsakamira m'ming'alu ya mano. Pambuyo pake anadzapeza kuti shuga wambiri m'chakudya amagwira ntchitoyi mosalephera.

Kenako mayankho atatu anabwera motsatizana m'zaka khumi zokha. Mu 1950 Kite, Shaw ndi Sognnaes a ku Harvard anadyetsa makoswe chakudya cha shuga kudzera m'kapaipi kolowa mpaka m'mimba, osakhudza mano. Palibe dzino limene linawola. Anzawo odya chakudya chomwecho pakamwa anawola mano, ndipo amene anachotsedwa tiziwalo topanga malovu anawola kuwirikiza kangapo. Mu 1954 Frank Orland ndi anzake, pogwiritsa ntchito makoswe a ku yunivesite ya Notre Dame obadwira ndi kukulira m'mathanki opanda kachilombo n'kamodzi komwe, anaonetsa kuti popanda mabakiteriya shuga sawoletsa dzino. Mu 1960 Paul Keyes wa ku Bethesda anapeza china chimene chinadzidzimutsa onse. Anali ndi magulu awiri a mahamster, tinyama tonga mbewa, gulu lina lowola mano, lina losawola, ndipo anthu ankati ndi chibadwa. Ataika osawola aja m'khola limodzi ndi owola, nawonso anayamba kuwola. Ana ankatengera tizilomboto kwa mayi awo. Chaka chomwecho Keyes ndi Robert Fitzgerald analoza mabakiteriya ake, a m'gulu limene J. Kilian Clarke analitcha Streptococcus mutans ku London mu 1924.

Ofufuza za mahomoni ankagwira ntchito pakati pa zonsezi. Joseph Muhler ndi William Shafer a pa yunivesite ya Indiana anayesa mahomoni osiyanasiyana pa makoswe m'zaka za m'ma 1950. Anapeza kuti mahomoni a chithokomiro akachuluka mano amawola pang'ono, akachepa amawola kwambiri. Pa masiteroidi a ubereki, achikazi anachulukitsa kuwolako pamene achimuna sanasinthe zambiri. Chimene awiriwa anachita mwanzeru ndi kusangowerenga mabowo a m'mano. Ankayezanso tiziwalo ta malovu, ndipo ankapeza kuti homoni imene yasintha mano yasinthanso tiziwaloti. Frank Liu anapitiriza njira yomweyi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pa hydrocortisone ndi pa masiteroidi a m'mapiritsi olerera, nthawi zonse akuyang'ana mano ndi malovu pamodzi. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira anasonyezanso kuti dexamethasone wochuluka amachepetsa malovu a makoswe.

Tikaphatikiza zonsezi, chithunzi chake n'chomveka. Siteroidi siiboola dzino. Oboola ndi mabakiteriya amene apeza shuga. Chimene siteroidi ingachite ndi kufooketsa alonda: malovu amene amatsuka m'kamwa, kuziziritsa asidi ndi kubwezera kashiamu pa dzino, komanso chitetezo cha thupi chimene chimaletsa tizilombo kuchulukana. N'chifukwa chake pa katulukidwe ka mano zotsatira zinkafanana labotale ndi labotale, pamene pa kuwola zinkadalira chakudya, mtundu wa nyama, msinkhu wake ndi khola limene ikukhala. Zimene Keyes anapeza zinaponyanso chikayiko pa kafukufuku yense wa m'mbuyo mwa 1960, popeza magulu awiri a makoswe akanatha kusiyana mano chifukwa cha mabakiteriya a m'makola awo, jakisoni asanachite kanthu. Wowerenga malipoti akale amenewa ayenera kukumbukira zimenezi, ndipo sindikuona kuti n'kunyoza amene anawalemba, chifukwa anagwira ntchito moona mtima ndi zimene zinkadziwika masiku awo.

Tisaiwale amene analipira. Makoswe, mbewa ndi mahamster ambirimbiri anadulidwa ziwalo, anadyetsedwa zowawoletsa mano, anaphedwa kuti nsagwada zawo ziyezedwe. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anapempha ofufuza kuti pamene pali njira ina asagwiritse ntchito nyama, pamene palibe achepetse chiwerengero chake, ndipo achepetsenso ululu wake. Pempho limeneli linatenga zaka kuti limveke, koma lero ndilo maziko a malamulo oyendetsera kafukufuku wa nyama m'mayiko ambiri. Ine ndimaona kuti ngongole imene tili nayo kwa tinyamati ndi kugwiritsa ntchito bwino zimene tinatiphunzitsa, osazikokomeza ndiponso osazitaya.

Kwa munthu wa lero, kumene masiteroidi amakumana kwambiri ndi mano ndi pa mphumu. Beclomethasone wopopera m'kamwa anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1972, ndipo anachepetsa kwambiri kufunika kwa mapiritsi amene amazungulira thupi lonse. Koma gawo la mankhwalawo limatsalira pa lilime ndi pakhosi, pamene lingayambitse tizilonda toyera ta mafangasi. Salbutamol, amene odwala omwewo amapopera chifuwa chikabanika, si siteroidi koma amaumitsa m'kamwa. Mainhela ena a ufa amakhala ndi shuga wa mkaka, ndipo mankhwala ambiri amadzi a ana amatsekemeretsedwa ndi shuga. Mwana wa mphumu amapumiranso pakamwa kawirikawiri. Zinthu zitatu zimene makoswe anatilozera, shuga, tizilombo ndi kuchepa kwa malovu, zimatha kukumana m'kamwa mwa mwana mmodzi, mayi ake n'kumadabwa kuti mano akuthera chiyani.

Choncho inu amene dokotala wakulemberani prednisolone, imwani monga wanenera, ndipo ngati mwamwa nthawi yaitali musasiye mwadzidzidzi, chifukwa maadrenal anu amakhala atagona ndipo amafuna nthawi kuti adzuke. Musagule mapiritsi amenewa pamsika kapena kupatsana ndi anansi chifukwa choti anathandiza wina mawondo. Mayi woyembekezera amene ali ndi mphumu asataye inhela poopa mng'alu wa mbewa za ku Montreal, chifukwa kubanika kwa mayi n'koopsa kwa mwana kuposa mankhwalawo. Mwana akapopera mankhwala a mphumu, achukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula, atsuke mano kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ndipo masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zichepe. Mukapita kukachotsa kapena kukamata dzino, auzeni adokotala a mano mankhwala onse amene mukumwa, asanayambe ntchito.